Kupita ku Ngabu ndi Nsomba Zosatumbula

Loweruka, sabata yachiwiri ya Epulo. Kum'mawa kutayamba kufiira ndinali kale kuseri kwa nyumba, ndikukwecha ndowa yachitsulo ya Mama ndi phulusa. Ndinaitsuka katatu. Mama atatuluka ndi tsache anaima n'kundiyang'ana.

"Fanita, ukaikwecha kachinayi ibooka. Ndiye madzi tizitungira m'manja?"

Ndiyambe ndalongosola chimene chinandiyendetsa, kuti amene sanapite amve bwino. Lolemba aphunzitsi athu a bayoloje, a Dinyero, anatiuza kuti ku Ngabu kwabwera mayi wina dzina lake Madamu Alufandika. Mayiyu anabadwira kwa Lundu konkuno, koma ntchito yake ndi yoyenda pa sitima ya pamadzi mpaka ku nyanja zozizira za kumapeto kwa dziko, kumene madzi amaundana n'kukhala ngati mapiri oyera. Kumeneko amagwira nsomba, n'kutsegula mimba zake, kufufuza tizidutswa ta pulasitiki tosaoneka bwino ndi maso. Anabwera kudzaona makolo awo, ndipo anavomera kupereka Loweruka limodzi kuti aonetse ana a sukulu momwe ntchitoyo imagwiridwira. Sukulu iliyonse inayenera kubweretsa nsomba za m'madzi a kwawo.

Pa sukulu pathu anasankha ine. Si chifukwa choti ndimayankha mafunso, ayi. M'kalasi dzanja langa limalemera ngati mtondo. Anandisankha chifukwa Baba ndi msodzi. A Dinyero anandipatsa malamulo ndipo ndinawalemba m'kabuku kano. Nsomba zikhale zogwidwa m'mawa womwewo. Zisakhudze pulasitiki, ngakhale kajumbo. Ndipo lalikulu, limene analibwereza akugogoda tebulo: zisatumbulidwe, chifukwa chofunika ndi matumbowo. Ndifike nazo 12 koloko isanakwane, poti Madamu amanyamuka masana. Aphunzitsiwo anatsogola Lachisanu ndi anzanga awiri. Ine ndinatsala kudikira nsomba.

Ngakhale yunifolomu anandiletsa, akuti nsalu yake ili ndi nayiloni ndipo imagwetsa timaulusi. Ndinavala diresi yakale yathonje ya Mama, imene inandifika m'akakolo.

Baba anafika kuchokera ku doko dzuwa lisanatuluke, miyendo ili matope okhaokha. Anayala nsomba zitatu za makakana pa tsamba la nthochi: yaikulu, yapakati, ndi kakang'ono ka chipsepse chong'ambika.

"Pyadidi?" anandifunsa m'Chisena chawo cha m'mawa.

"Pyadidi, Baba."

"Koma ine zikundizunguza mutu. Munthu wophunzira chonchi, kuchoka kumapeto kwa dziko kudzafuna matumbo a makakana? Ife timaponyera abakha!" Anaseka, kenaka anatsitsa mawu. "Ukaone ndi maso ako, mwananga, osangomva za ena. Udzandiuze chimene nsomba zanga zimadya. Zaka zonsezi ndimazigwira koma sindinazifunsepo."

Ndinaona dzanja la Mama likupita lokha ku mpeni umene umakhala pa denga la khitchini. Anazindikira okha, n'kulibweza, n'kupukusa mutu. Kwathu kuno nsomba ikangofika pakhomo imatumbulidwa. Dzuwa lathu silipatsa munthu nthawi yoganiza. Kuona nsomba zikulowa m'ndowa mimba zili zotseka kunawapweteka Mama ngati kuona mwana akupita ku tchalitchi osasamba. Tinakulunga iliyonse m'tsamba lake, tinavundikira ndi mbale yachitsulo, ndipo ndowa yonse tinaizinga ndi chitenje chathonje chonyowa kuti izizizira.

Hafu pasiti sikisi ndinakwera kabaza kuchoka kwathu ku Makhanga, K1,000 mpaka pa doko. Ndowa ndinaikumbatira pamiyendo. Njira inali idakali ndi zithaphwi, ndipo wopalasayo ankazizemba uku akuimba nyimbo ya kwaya imene mawu ake ankawadziwa theka lokha. Tinadutsa minda ya mapira, amayi akubzala mbatata m'madimba momwe madzi angophwa kumene, ndi njanji yakale imene madzi anaikumba pansi n'kuisiya ili lendee m'malere. Ndimaiona kawirikawiri njanjiyo, koma lero zinthu zonse zinkaoneka ngati zatsukidwa. Mwina ndi chifukwa kanali koyamba kuyenda ulendo wotere ndekha.

Pa doko la Mtayamoyo, powolokera Shire, boti la injini linali litadzaza kale: njinga zinayi, matumba a mbatata, mbuzi ziwiri zomangidwa miyendo, ndi agogo ena aamuna amene anavala jekete ndi tayi ngati akupita ku khoti. Kuwoloka ndi K1,500. Woyendetsa boti, bambo wamfupi wa chipewa cha mlaza, anasuzumira ndowa yanga.

"Muli chiyani umu, asisi?"

"Nsomba," ndinayankha chapansipansi.

"Nsomba! Anthuni tamvani, awa akuwolotsa nsomba pa boti. Kodi zaiwala kusambira?"

Boti lonse linaseka, ine nkhope inatentha. Kenaka bamboyo, pofuna kundikomera mtima, anasolola pepala lakuda lapulasitiki kuti avundikire ndowa, isaombedwe ndi dzuwa. Ndinangopukusa mutu n'kufungatira ndowayo ngati wina akufuna kundilanda mwana. Iye anakweza mapewa.

"Nkhabe? Chabwino. Nsomba za masiku ano zili ndi mabwana ake."

Madzi anali ofiirira, otambalala, akuyenda mwaulesi. Akakowa anaima m'mphepete ngati anamwino pa mzere. Mphepo ya pamadzi inandilowa m'diresi ya Mama n'kuifufumitsa, ndipo ndinadzipeza ndikumwetulira ndekha. Koma maso anga anali atasintha kuyambira Lolemba lija. M'namasupuni woyandama ndinayamba kuona zimene kale sindinkaziona: jumbo yabuluu yokodwa m'mizu, botolo la chakumwa, chidutswa cha neti ya udzudzu, patapata imodzi. Zonse zinkatsika nafe limodzi, mwakachetechete, ngati nazonso zalipira.

Tinafika pa Bangula cha m'ma 8 koloko. Minibasi yopita ku Nchalo inaima pa siteji injini ikulira, kondakitala akukuwa kuti watsala munthu mmodzi. Munthu mmodzi ameneyo tinamudikira mphindi makumi anayi, ndipo analowa anthu asanu ndi mmodzi asanapezeke. Mpaka pa Ngabu anati K4,000. Kondakitala ankafuna kuponya ndowa yanga kumbuyo, pansi pa matumba a makala.

"Ndiinyamula pamiyendo," ndinanong'ona.

"Ndiye ilipire mpando, asisi."

"Iwe, ilipire mpando wanji? Miyendoyo ndi yako?" Anali mayi wonenepa wa pambali panga, wa mawu omveka tsidya la msewu. Anamanga juzi yofiira yaubweyaubweya m'chiuno. "Usiye mwana wa eni. Khala bwino, mwananga, usamuope uyu, ndinamuona akuyenda opanda kabudula."

"Aa, masteni, mwayamba," anatero kondakitala akuseka, n'kutseka chitseko.

Mayiwo anandiuza kuti ndi amake Joji, amagulitsa nsomba zouma ku Nchalo, ndipo msewu umenewu amaudziwa dzenje lililonse ndi dzina lake. Ananyema chitumbuwa chotentha n'kundipatsa theka lalikulu. Chinali chokoma, cha nthochi zakupsa bwino, ndipo mafuta ake ndinapukutira m'mphepete mwa diresi kuti asafike pa ndowa. Tisanapite patali anakweza mphuno.

"Makakana awa. A lero lomwe. Ukupita nawo kuti?"

Apa ndi pamene ndinalakwitsa, ndipo ndikulemba kuti ndisadzaiwale. Ndikanatha kulongosola zonse. Mawu anali okonzeka m'mutu mwanga, oyalidwa bwino ngati m'kabuku. Koma anthu anali chete, aliyense akanamva, ndipo ndinaopa kuti andiseka ngati pa boti paja. Ndinangoti, "Ndi za ku sukulu."

"Oo, za aphunzitsi! Mwana waulemu. Makolo ako anakulera."

Ndinavomera ndi mutu, n'kuyang'ana pa windo.

Msewu wa tala unawongoka pakati pa minda ya thonje limene layamba kuphulika apa ndi apo, milambe ikuluikulu, ndi ng'ombe zoyenda pakati pa msewu ngati zinaugula. Kutentha kunayamba kukwera. Ndinkagwiragwira chitenje cha pa ndowa n'kumva chikuuma pang'onopang'ono.

Itangokwana 10 koloko, tili pafupi ndi Sorgin, tayala lakumbuyo linati phuu! Minibasi inagwedezeka n'kukaima pambali. Palibe anavulala, agogo ena anangoti "Yesu!" kenaka n'kupitiriza kudya nzimbe yawo. Tonse tinatsika n'kukakhala pansi pa mtengo wa nimu. Tayala lapadera linalipo, koma jeke analibe, ndiye kondakitala anauyamba wapansi kukabwereka.

Chitenje changa chinali chitauma gwa. Chapatali pang'ono ndinaona mjigo.

"Pita ukanyowetse, mwananga," anatero amake Joji. "Ndowayi isiye, ndikuyang'anira. Palibe angaikhudze ine ndili pano."

Pa mjigo panali mzere wa zidebe. Ndikanapempha kuti ndingonyowetsa nsalu, akanandilola. Ndi nkhani ya kamphindi. Koma ndinaima kumapeto ngati mlendo pa maliro, kudikira zidebe zisanu ndi ziwiri kuti zidzaze. Mtsikana wina wamng'ono kwa ine ndiye anandiona n'kunena, "Inu, bwerani mungoviika." Ndinathokoza n'kubwerera ndikuthamanga, chitenje chikudontha.

Ndili chapatali ndinaona mbale yovundikira ili pansi. Ndinaona amake Joji atakhala chotambalala, tsamba la nthochi lili pakati pa miyendo, kampeni kakung'anima m'dzanja. Nsomba ziwiri zinagona pambali zitatsegulidwa bwinobwino, zoyera m'kati, zowazidwa mchere. M'dzanja lamanzere anagwira kakang'ono kaja ka chipsepse chong'ambika, mimba ili m'mwamba, nsonga ya mpeni itagunda kale pakhungu.

Sindinakuwirepo munthu wamkulu chibadwire. Sindikudziwa kumene mawuwo anachokera.

"Mayi, lekani! Musaitumbule! Chonde lekani!"

Anthu onse pansi pa mtengo anatembenuka. Ngakhale dalaivala anatulutsa mutu kunsi kwa galimoto. Amake Joji anaimitsa mpeni, kukamwa kuli yasa.

"Iwe mwana, wandidzidzimutsa! Ndikukuthandiza. Dzuwa ili, nsomba zosatumbula, ukafika nazo zitafufuma. Aphunzitsi ako akati mayi ako ndi munthu wotani?"

Nthawi yomweyo nkhuku ina ya m'mudzi wapafupi, imene inkazungulira mwaulemu ngati ikungodutsa, inajompha matumbo a nsomba yaikulu ija n'kuliyatsa liwiro kulowa m'mapira. Mnyamata wina wa wailesi m'manja anayesa kuithamangitsa koma inamusiya kutali. Anthu anafa nacho chiseko. Ine misozi inali italengeza, koma ndinadziwa kuti ndikakhalanso chete, kotsalako kapita.

Ndinagwada pafupi ndi mayiwo, ndinatenga kansombako m'manja mwawo ndi manja awiri, n'kuyamba kulankhula. Poyamba mawu ankatuluka odukaduka. Ndinanena za Madamu wa kwa Lundu, za nyanja zoundana, za tizidutswa ta pulasitiki timene nsomba zimameza, ndi kuti chofunika si mnofu koma matumbo, ali m'mimba yotseka, osakhudzidwa ndi kanthu. Ndinanena za Baba ndi funso lawo. Nditamaliza ndinazindikira kuti palibe amene akuseka.

"Nsomba kudya jumbo?" anafunsa mayi wina wobereka mwana.

"Bwanji osadya?" anayankha bambo wachikulire wa zipsera m'mikono, amene anati amadula nzimbe ku esiteti. "Mbuzi yanga inaonda chaka chatha mpaka kufa. Titaitumbula, m'mimba munali majumbo okhaokha, opotana ngati chingwe. Nanga nsomba ili ndi sukulu yoti isiyanitse?"

Amake Joji anaika mpeni pansi n'kudzimenya pa ntchafu.

"Mayo ine! Ndiye bwanji sunanene, mwananga? Pakamwa anakupatsa Mulungu n'pa chitumbuwa chokha?" Anayang'ana m'mapira momwe inalowera nkhuku. "Zaka zonsezi ndikutumbula nsomba, lero ndatumbula sukulu ya mwana. Ndikhululukire."

"Wolakwa ndine, mayi. Sindinakuuzeni."

"Tonse ndife olakwa, ndi nkhuku yomwe. Bweretsa tsamba."

Anapukuta manja pa juzi yawo yofiira ija, anatola matumbo a nsomba yapakati amene anatsala, n'kuwakulunga m'tsamba mosamala ngati ndi mankhwala. Kansomba kosatumbula kaja ndinakakulunga ndekha n'kukaika pansi penipeni. Titakweranso, mayiwo anauza aliyense woyandikira ndowa kuti atalikire, ndipo kondakitala atachedwa kukweza munthu wa matumba pa siteji ina, anamukalipira: "Iwe, tili ndi odwala muno! Tayendetsa!"

Tinalowa mu Ngabu nthawi itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 12 koloko. Msika unali wodzaza, fumbi, mawailesi, fungo la kanyenya ndi tchipisi. Amake Joji anatulutsa mutu pa windo n'kuitana wa kabaza ndi dzina lake, n'kumulamula kuti andifikitse pakhomo penipeni pa holo ya sukulu. Minibasi ikunyamuka anakuwa, "Ukawauze Madamuwo kuti ziwirizo ndatumbula ine, aone ngati kumapeto kwa dziko kuli wodziwa mpeni chonchi!"

Wa kabaza anapalasa ataimirira. Ndinamupatsa K500 ndipo ndinalowa m'holo thukuta lili chuchuchu, diresi ya Mama itamatirira kumsana. A Dinyero anali pakhomo akuyang'ana wotchi. Atandiona anapuma mpweya wautali ngati ndi iwo apalasa.

M'holomo munali ana a sukulu zosiyanasiyana. Kutsogolo kunali tebulo loyalidwa nsalu yoyera, mbale zagalasi, tizitsulo tonyezimira, ndi maikulosikopu, makina aja okulitsa tinthu tating'ono. Madamu Alufandika ndinkawaganizira ngati munthu wamtali woopsa. Ndinapeza mayi wamfupi, woseka ndi maso, wovala chovala choyera chathonje, akudzikupiza ndi kope.

"Ndinabadwira konkuno," ankauza anthu, "koma taonani, thupi langa laiwala kwawo. Ndikusungunuka ngati sopo."

Pambali panali nsomba zimene anazikana. Zambiri zinabwera m'majumbo. Sukulu ina inabweretsa mlamba wowamba, wakuda bii, ndipo Madamu anati umenewo aufufuza madzulo ndi tomato.

Itafika nthawi yanga ndinaika ndowa pa tebulo. Ndikanatha kungotulutsa kansomba kabwino kaja n'kukhala chete. Koma mawu anali atatseguka pa Sorgin ndipo sanafune kutsekekanso. Ndinafotokoza zonse: mjigo, mpeni, nkhuku, ngakhale uthenga wa amake Joji. Holo yonse inaseka pa nkhani ya nkhuku, koma kuseka kwake sikunandipweteke.

"Dzina lako ndani, mwanawe?"

"Fanita, Madamu."

"Fanita, wachita bwino kunena. Ine pa ulendo wanga woyamba ndinasangalala masiku angapo, ndikupeza timaulusi tachikasu m'nsomba iliyonse. Ndinkadziona ngati katswiri. Kenaka ndinayang'ana chipewa cha mnzanga amene ankandithandiza kutumbula." Anagwira kumutu. "Chachikasu! Ntchito yonse tinayambiranso."

Anatisonyeza kambale kagalasi kokhala ndi pepala lonyowa, kongoikidwa poyera pa tebulo. Anati ameneyo ndi mlonda: amagwira timaulusi togwa kuchokera mumpweya ndi m'zovala, kuti tisanamizire nsomba zinthu zimene sinadye.

Tinayamba ndi matumbo a m'tsamba aja. Madamu anawatsegula ndi kalumo, anawatsukuluza ndi madzi osefa, n'kuika mbale pansi pa makina. Posakhalitsa anaseka.

"Mayi ako a mu minibasiwo anavala chofiira?"

"Juzi, Madamu. Anapukutirapo manja."

"Ndawaona. Ali muno katatu: timaulusi tofiira titatu. Iyi sitingaiwerengere, poti sitingadziwe cha nsomba ndi cha juzi."

Kenaka anatenga kansomba ka chipsepse chong'ambika. Anayang'ana kachizindikiro ka mpeni pamimba pake, kosalowa n'komwe, n'kundiyang'ana ine. Anakatsegula okha. Atakonza mbale anasuntha pa mpando.

"Nsomba ya bambo ako. Uyang'ane ndiwe."

Poyamba ndinkangoona nsidze zanga. Kenaka kuwala kunatseguka ngati mwezi, ndipo ndinalowa m'dziko lina. Munali ndere zobiriwira, zina ngati mikanda yolumikizana, zina ngati timakwerero. Timchenga tonyezimira ngati shuga. Kamwendo ka kachilombo. Zinali zokongola moti ndinaiwala kuti kumbuyo kwanga kuli anthu. Ndinayendetsa mbale pang'onopang'ono monga anandiuzira, kuchoka kumanzere kupita kumanja, mzere ndi mzere ngati kupalira. Ndipo pa mzere wachinayi ndinakaona: kaulusi kabuluu, kosalala, kopindika kamodzi, kosafanana ndi china chilichonse m'mbalemo.

"Madamu, pali kanthu."

Anayang'ana, kenaka anayang'ana m'mbale ya mlonda, munalibe chabuluu. Anatenthetsa singano pa kandulo n'kuiyandikiza, osakhudza. Anandiuza kuti ndiyang'anenso msanga. Kaulusiko kanadzipinda kokha ngati nyongolotsi yothawa moto.

"Thonje kapena udzu sizichita choncho," anatero. "Kameneka kakuoneka kuti ndi pulasitiki. Kuti titsimikize kwenikweni pamafunika makina ena aakulu. Ndipo mumve bwino nonse: nsomba imodzi siyankhulira mtsinje wonse. Musakauze amayi anu kuti asiye kuphika makakana. Ntchito yathu ndi kubwerera malo omwewo, chaka ndi chaka, kuyang'ana mwa njira yomweyo, kuti tione ngati zikuchuluka kapena zikuchepa. Ndi ntchito ya anthu oleza mtima."

Pomaliza anatisonyeza zithunzi. Sitima yofiira pakati pa madzi oundana. Iwowo atavala zovala zambiri moti ankaoneka ngati thumba la thonje, maso okha ali pamtunda. Nsomba ya mutu waukulu imene magazi ake ndi oyera ngati madzi a mpunga. Anati nthawi ina pachaka dzuwa kumeneko sililowa, ndipo mnyamata wina kumbuyo anati, "Ndiye kuli ngati ku Nsanje," anthu n'kuseka.

Atafunsa ngati pali funso, ndinaona dzanja langa lili m'mwamba. A Dinyero anatsala pang'ono kugwetsa wotchi.

"Madamu, kumeneko kulibe msika, kulibe midzi. Nanga pulasitiki amafikako bwanji?"

"Madzi alibe malire, Fanita. Wina amachokera ku maukonde ndi zingwe za sitima, wina ku zovala zochapidwa kutali, wina amabwera ndi mphepo. Shire wathuyu amathira mu Zambezi, Zambezi amathira m'nyanja yamchere, ndipo nyanja zonse zimagwirana manja. Sindinganene kuti jumbo ya pa Bangula ndinakaipeza kumeneko. Koma sindinganenenso kuti singafike."

Ponyamuka anandipempha nsomba ziwiri zotumbula zija, kuti akadye ndi amayi awo kwa Lundu. Anazitembenuza n'kuvomereza kuti zoonadi, pa sitima yawo palibe wodziwa mpeni ngati amake Joji. Ndikadzawaonanso mayiwo ndidzawauza.

Pobwerera tinali ndi a Dinyero ndi anzanga awiri aja. Anatigulira thobwa lozizira ndi mandasi pa msika. Tayala silinaphulike. Pa Mtayamoyo woyendetsa boti yemwe uja anasuzumira m'ndowa yopanda kanthu n'kufunsa ngati nsomba zanga zinakhoza mayeso. Ndinamuyankha kuti imodzi inakhoza, ina inakopera, ina inathawa ndi nkhuku. Anaseka mpaka chipewa chinagwa, ndipo ine ndinadabwa kuti ndine ndanena zimenezo.

Ndinafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba pa mapira. Baba anakhala pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde, monga amachitira madzulo alionse. Akamanga mfundo amadula kansonga kotsala n'kukagwetsa pansi. Akakhala ku doko amakagwetsera m'madzi. Ndinagwada pambali pawo n'kuwauza zonse mwa dongosolo, ndere zonga mikanda, timchenga, kamwendo ka kachilombo. Anamvetsera akumwetulira. Nditafika pa kaulusi kabuluu, manja awo anaima. Anayang'ana ukonde uli pamiyendo pawo, kenaka pansi pamene panali tinsonga tambirimbiri, tonse tabuluu.

"Ndiye kuti ndimazidyetsa ndekha?"

"Madamu akuti sitingadziwe kumene kanachokera, Baba. Kakhoza kukhala ka chovala, kapena kochokera kumtunda."

"Ee. Koma mtundu wake ndi uwu." Anatola kansonga kamodzi n'kukayang'anitsitsa pa chikhatho. Kenaka anakaika m'thumba la malaya, n'kundigwira pamutu akuthokoza m'Chisena. "Takhuta, mwananga. Wandibweretsera yankho."

Ndikulemba izi pakhonde kuwala kusanathe, ndowa ya Mama ndabweza yosabooka. Pa ulendowu ndaona kuti amake Joji sanawononge nsomba zanga ndi mpeni. Zinawonongeka pa Bangula pomwe, pamene ndinameza mawu anga. Kamodzi kamene kanafika kosatumbula kanapulumuka chifukwa ndinakuwa.

Kukhitchini kuli chitini chopanda kanthu cha mkaka wa ufa, chokhala ndi chivundikiro chake. Mawa tikaweruka ku tchalitchi ndichiboola pakhosi, ndichimangirira ndi waya m'mwadiya, bwato la Baba, kuti aziponyamo tinsonga ta ukonde. Ku doko kudzakhala asodzi anzawo, ndipo ndikudziwa kuti adzafunsa moseka kuti chitinicho n'cha chiyani. Sindidzadikira kuti afunse. Ndidzayamba ndine kuwauza.